Nyimbo Yobvina Mtima Uli Kuwawa

Anzanga, Loweruka lapitali tinakangana kwambiri m'nyumba yathu yogona kufikira kapitao anatizimira nyali. Mkangano wace unali wa nyimbo ija ya Mr. Brightside: kodi pa gule wotsekera sukulu tiike yeniyeniyo, kapena imene anaikonzanso, yochedwa remix? Ine ndinatsala ndekha, cotero ndapempha malo muno.

Nyimboyi inatuluka m'caka ca 2003, yoyimbidwa ndi anyamata anai a ku Las Vegas ochedwa The Killers. Brandon Flowers anaipeka pamodzi ndi Dave Keuning wa gitala, atapeza bwenzi lace liri ndi mwamuna wina. Mau ace ndi a nsanje yokhayokha, koma gitala ndi ng'oma zikuthamanga mokondwa ngati za pa ukwati. Ukoma wace wagona pamenepo: miyendo ifuna kubvina, mtima uli kuwawa. Ndime yaciwiri ndi yomwe ija yoyamba. Mnzanga wina akuti ndi ulesi. Iai, nsanje imatero. Usiku wonse umangobwereza ganizo limodzi.

Pambuyo pace Stuart Price, amene amadzichanso Jacques Lu Cont, anaikonzanso ndi makina, ndipo The Killers anaiika pa cimbale cao ca Sawdust mu 2007. Yoyamba ija siikwana mphindi 4, koma iyi ipitirira mphindi 8. Sindikuinyoza ai. Bamboyo ndi mmisiri, ndipo mu 2008 anawakonzera cimbale conse ca Day & Age. Koma anacedwetsa mau, natalikitsa ng'oma, kotero kuti munthu wansanje uja wapeza nthawi yopuma. Kodi wansanje amapuma? Cisoni ciripobe, inde, koma cakhala ca munthu amene anaiwala kale ndipo akungokumbuka. M'nyimbo yoyamba bala likadali laliwisi.

Anzanga akuti yaitaliyo ndiyo yabwino cifukwa aphunzitsi amatitulutsa m'holo msanga, ndiye tipezepo phindu. Mfundo imeneyi ndi ya mimba, monga kusankha nsima yaikuru osayang'ana ndiwo.

Ndibvomere kuti ndiri ndi cifukwa canga. Wina amene ankandilembera makalata analeka mwezi wa June, ndipo pa gulepo adzakhalapo. Mphindi 4 ndingathe kupirira ndikubvina. Zisanu ndi zitatu sindilonjeza, a Mkonzi.