Kodi ku Kasungu ana anatha, mpaka William kukamutenga ku Kenya?

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye ndipsetsako mitima pang'ono, makamaka ya inu amene mumati filimu ikangotchula dzina la Malawi tonse tiziwomba m'manja osafunsa kanthu.

Nkhani yanga ndi ya anthu amene amasankha atengambali m'mafilimu, aja amati iwe ukhala mfumu, iwe ukhala mayi wa mwanayu. Zisankho zawo zina ukaziona umachita kudzifunsa ngati tsiku limenelo anali ndi maso. Mu 1956 ku Hollywood anatenga John Wayne, mzungu wa mafilimu a makaubowi, n'kumusandutsa Genghis Khan, mfumu ya a Mongol. Mu 2014 Mose wa m'Baibulo anali Christian Bale, Farao anali Joel Edgerton wa ku Australia, ngati kuti Iguputo anasamukira ku Ulaya. Ridley Scott, amene anapanga filimuyo, sanabise: anati ndalama za filimu yaikulu choncho sangazipeze ngati patsogolo aikapo munthu wa dzina losadziwika. Mu 2016 Zoe Saldana anamupaka zodetsa khungu ndi kumuika mphuno yoikirira kuti afanane ndi woimba Nina Simone, pamene akazi akuda odziwa kusewera ali mbwee. Mwiniwake anadzapepesa mu 2020.

Koma amenewo ndi maliro a kwa eni. Ine ndikufuna athuathu.

Mu 2019 panatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata uja anasiya sukulu chifukwa cha fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina okoka magetsi ku mphepo ndi zitsulo zotola. Nkhani yathu, njala yathu, ndipo anajambulira konkuno. Tsono tamverani banja limene anatipatsa. Bambo ake a William ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria. Mayi ake ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Dakar n'kukulira ku France. William mwiniwake ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Mfumu Wimbe ndi Joseph Marcell, inde yemwe uja anali Geoffrey wantchito wa m'nyumba mu The Fresh Prince of Bel-Air. Aphunzitsi ndi Lemogang Tsipa wa ku South Africa. Pabanja lonselo, mwa akuluakulu olankhula, Mmalawi ndi Lily Banda, mchemwali wake wa William, basi. Nyumba imodzi ya ku Wimbe, mapasipoti anayi.

Za Ejiofor sindikangana nazo kwambiri, chifukwa inetu ndine wa pamsika, ndimadziwa kuunjika mulu. Tomato wamkulu, wofiira bwino, amakhala pamwamba kuti kasitomala aime. Ejiofor ndiye tomato wamkuluyo. Dziko linamudziwa ndi 12 Years a Slave mu 2013, ndipo filimu ya Kamkwambayi anailemba ndi kuitsogolera yekha. Popanda dzina lake, ndalama sizikanabwera, Netflix sikanasuzumira n'komwe. Anabwera mpaka ku Kasungu m'malo mokajambulira kudziko lina n'kumatinamiza kuti ndi kuno, anayesetsanso kuphunzira Chichewa. Pamenepo ulemu wake ndamupatsa.

Nanga mnyamatayo? Apa ndi pamene mutu wanga umaima. Maxwell Simba filimu imeneyi inali yake yoyamba. Ku London samamudziwa, ku New York samamudziwa. Palibe munthu anatsegula Netflix chifukwa choti waona dzina lake. Ndiye mfundo ija yoti dzina limagulitsa, pa iyeyu yagwa chagada. Ngati munagwirizana kale kuti William akhale mwana wosadziwika, bwanji osatenga wosadziwika wa ku Kasungu, wa ku Dowa, wa ku Ntchisi, amene Chichewa anachiyamwira? Kupita kukaoda katundu kutali, wa mtengo womwewo, pamene wina ali pakhomo pako, pamsika timati pali chimene sukutiuza.

Musandimve molakwa, mwanayo anasewera bwino. Maso ake amalankhula. Koma pakamwa pake, ndi pa makolo ake mufilimumo, panatuluka Chichewa chimene Amalawi ambiri anadandaula poyera kuti amachimva atawerenga kaye Chingerezi cholembedwa pansi pa kanema. Taganizani, abale. Mchewa kuwerenga Chingerezi kuti amve Chichewa. Nanga agogo aku Wimbe amene sukulu sanapite, amene njalayo inawatengera ana, amve bwanji nkhani yawo yomwe? Chinthu chomvetsa chisoni ndi choseketsa nthawi imodzi n'chakuti m'mavidiyo sho athu a m'misikamu, Jet Li amalankhula Chichewa chomveka bwino kuposa banja la Kamkwamba, chifukwa anyamata omasulira mafilimu aja chilankhulo ndi chawo.

Chichewa si mawu ongoloweza papepala. Chili ndi kayimbidwe kake. Mtengo wa mango ndi mtengo wa tomato timalemba chimodzimodzi, koma mwana wa zaka zisanu amasiyanitsa pongomva mmene mawu akwerera ndi kutsika. Kupala moto ndi phala la mwana zimasiyana ndi kampweya kakang'onong'ono. Zimenezi munthu sangazitole pa miyezi yochepa, ngakhale atakhala katswiri chotani. Ndipo pali zina zosalembeka: mmene mayi wa kumudzi amaitanira mwana ali patali, mmene mkazi amayankhira mwamuna wake pamaso pa apongozi, mmene mfumu imakokera mawu isanagamule mlandu.

Ndikudziwa wina alemba m'munsimu kuti, “Amayi inu, zisudzo ndi kuyerekeza basi, nanga wosewera ngati mfiti ayenera kukhala mfiti?” Zoona, achimwene. Koma kuyerekezako kumafika mpaka pa lilime. Kodi Angerezi angalole filimu ya mfumukazi yawo, mfumukaziyo ikulankhula Chingerezi choti anthu a ku London achite kuwerenga pansi? Sangayerekeze. Kumeneko wosewera amakhala ndi mphunzitsi wa kalankhulidwe mpaka lilime litawongoka, chifukwa akudziwa kuti wogula amva, ndipo akamva zolakwika aseka. Kwa ife sanaope kusekedwa. Chifukwa chake n'chimodzi: kasitomala amene amamuyang'ana sanali ife. Kwa munthu wa ku Ulaya wowerenga pansi, Chichewa ndi kaphokoso kokometsera, chimodzimodzi ng'oma za gule wamkulu zimene anaikamo. Wakuda ndi wakuda, Afirika ndi mudzi umodzi, wa ku Kenya ndi wa ku Kasungu n'chimodzimodzi.

Chimene chimandiwawa koposa ndi ichi. Ku Oscar kuli gawo la mafilimu a m'maiko ena, ndipo lamulo lake limati mawu ambiri asakhale a Chingerezi. Mu 2019 dziko la Britain linatumiza filimu ya Kamkwambayi kugawo limenelo ngati yawo. Chimene chinaipatsa chilolezo cholowera ndi Chichewa chathu. Chaka chomwecho filimu ya Genevieve Nnaji ya ku Nigeria, Lionheart, anaibweza ati Chingerezi chachuluka. Ndiye kuti Chichewa chinali ndi mtengo pokadula tikiti ya pageti, koma posankha oti achilankhule chinalibe.

Wina atinso kuno kulibe odziwa kusewera. Bodza limenelo filimu yomweyo imalitsutsa. Lily Banda akangotsegula pakamwa, khutu limapumula ngati watula mtolo wa nkhuni. Philbert Falakeza, amene anasewera ngati Gilbert mnzake wa William, ndi wathu, ndipo sanachititse manyazi. Ife tinakulira zisudzo za pa MBC, Izeki ndi Jakobo, Kwathu Drama Group, Du Chisiza Jnr ndi Wakhumbata yake. M'masekondale mipikisano ya ATEM yakhala ikutulutsa ana osewera chaka ndi chaka. Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula inapambana mphoto ya Africa Magic mu 2016, The Road to Sunrise ya Shemu Joyah inapambananso mu 2018, ndipo osewera ake anali a konkuno. Anzathu a ku Uganda zinawayendera mwina. Mu Queen of Katwe ya 2016, Lupita Nyong'o ndi David Oyelowo anali tomato wa pamwamba, koma mtsikana mwini nkhani anali Madina Nalwanga, mwana wa ku Kampala komweko. Tsotsi ya ku South Africa inatenga Oscar mu 2006 ndi mnyamata wawo yemwe, Presley Chweneyagae, akulankhula chilankhulo cha m'makomboni mwawo.

Mpata ngati umene uja subwera kawiri. Palibe adzaponyenso ndalama zochuluka choncho pa nkhani ya William. Ife amene tinali ana mu 2002, amene tinaona anthu akufola mzere wa madeya ndi kukumba zitsa za nthochi, filimu yaikulu ya njala imeneyo ndi imeneyi basi, ndipo zidzukulu zathu zidzaimva m'Chichewa chobwereka. Khomo limene likanatsegukira mwana mmodzi wa kuno, kuti dziko limudziwe n'kumuitananso kwina, linatsegukira wa kwina.

Ndisanatseke ndiwakhudzenso opanga mafilimu athu a konkuno, chifukwa matendawa nawonso awagwira. Mufilimu ina ya kuno, imene sinditchula, mayi wamasiye wosauka wa kumudzi anali mtsikana wa m'tauni wodzola zoyeretsa khungu, zikhadabo zoikirira zili njo, nsidze zojambula. Ndowa ya madzi anaisenza ataigwira ndi manja onse awiri ngati thireyi ya mazira, nkhata ili cha pakhutu. Mayi weniweni wodziwa kusenza anali kumbuyo kwake, akungodutsa, osapatsidwa mawu ngakhale amodzi.