Mlangizi wa Ana Naye Ayambe Waphunzitsidwa

Pa sukulu zambiri za pulayimale, udindo wa mlangizi wa ana umaperekedwa pa msonkhano woyamba wa chaka. Mphunzitsi wamkulu amaponya maso uku ndi uku, napeza mayi wofatsa kapena bambo amene ali mkulu wa mpingo, nati, "Inu mukhala mlangizi." Nkhani nkuthera pomwepo. Ine ndikuti mchitidwe umenewu ngwolakwika, ndipo inu amene muli m'koleji muuganizire bwino, pakuti ena mwa inu chala chimenechi chidzakulozani musanathe n'chaka chomwe pa ntchito.

Makolo athu sankatero. Nankungwi sankasankhidwa chifukwa cha kufatsa kokha. Ankayamba wakhala pambali pa anankungwi aakulu, kumvetsera ndi kuonerera, kufikira atadziŵa ponena ndi pokhala chete. Nanga ife tikuperekeranji mitima ya ana kwa munthu amene sitinamuonetse njira?

Taganizirani za sukulu yoyandikana ndi minda ya tiyi ku Thyolo, monga kufupi ndi Satemwa, Naming'omba kapena Conforzi. Tiyi amaphuka kwambiri m'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala kufikira cha mu Epulo. Masiku amenewo makolo amalaŵirira kumunda m'bandakucha, dengu lili kumsana, chifukwa makilogalamu akachuluka pa sikelo ndiye kuti ndalama nazo zichulukako. Amatsala ndi ana aang'ono ndani? Ndi mtsikana wa Sitandade 6 uja. Chilimwe chikafika, antchito a kanthaŵi amaimitsidwa, mabanja ena nkusamuka, mwana nkuzimirira m'kaundula. Mlangizi wosaphunzitsidwa amangoona kujomba, ndipo amadzudzula mwanayo ngati ali pa guwa. Wophunzitsidwa amayamba wafunsa kuti kunyumba kwacha bwanji, kenaka amapita kukakambirana ndi makolo Lamulungu masana, pamene angawapeze pakhomo.

Mlangiziyo ayeneranso kudziŵa malamulo, osati mongomva. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwane zaka 18. Zonsezi n'zida, koma khasu lopachikidwa kudenga sililima.

Chovuta koposa ndi chinsinsi. Pa esiteti nyumba za antchito n'zogundizana, ndipo ntchito ndi nyumba zimayendera limodzi. Tiyerekeze kuti mtsikana waulula kuti amene akumuvutitsa ndi munthu amene ali ndi mphamvu pa ntchito ya mayi ake. Mlangizi akatayako liwu limodzi m'chipinda cha aphunzitsi m'maŵa, madzulo lafika kale pa sikelo, ndipo mayi uja angathe kutaya ntchito ndi pogona pomwe. Komanso akangokhala duu, ati ndikusunga chinsinsi, mwanayo apitiriza kuzunzika. Apa kukoma mtima kokha sikuthandiza. Pafunika munthu amene anaphunzitsidwa kumuuza mwana poyambirira pomwe kuti pali nkhani zina zimene sizingabisidwe, amene amadziŵa kufika kwa a zosamalira anthu pa boma, ku Victim Support Unit ya apolisi, ndi kuimba nambala ya 116. Luso lotere silibwera pa semina ya tsiku limodzi (kumene, kunena zoona, ambiri timakumbukirako nkhuku ndi alawansi).

Phunziro la Life Skills limene mukuphunzira n'labwino, koma limakukonzekeretsani kuyankhula kwa kalasi yonse; kumvetsera mwana mmodzi akulira n'kwina. Tinaziona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atapha anthu ndi kugumula nyumba m'chigawo cha kummwera: ana anabwerera m'kalasi ndi mantha ndi maliro, ndipo aphunzitsi ambiri anasoŵa poyambira.

Pempho langa si lalikulu. Makoleji aphunzitse uphungu mochita kuyeserera, wina akhale mwana, wina mlangizi, mphunzitsi akuwongolera. Alangizi a m'zoni imodzi azikumana pa TDC kamodzi pa teremu pamodzi ndi a PEA, nakambirana nkhani zovuta osatchula maina. Ku Lilongwe kuli likulu la Guidance, Counselling and Youth Development Centre for Africa. Akatswiri ake azifika ku Luchenza ndi ku Bvumbwe. Ndipo mlangizi amuchepetsereko maphunziro aŵiri pa sabata, apatsidwenso kachipinda kokhala ndi chitseko, pakuti pansi pa mtengo wa mango, anzake akusuzumira, mwana sangaulule kanthu.