MLANDU SUOLA, KOMA UMBONI UMAOLA

Kalata yopita kwa Akhristu onse a m'maparishi a m'maboma a Machinga ndi Balaka, pa za kukonzekera milandu yoteteza ana

Okondedwa abale ndi alongo mwa Khristu,

1. Mau oyamba

Tikamakamba za ulamuliro wabwino, kawirikawiri timaganiza za zisankho, za katangale ndi za kasamalidwe ka chuma cha boma. M'kalata ino tikufuna tilingalire pamodzi nkhani ina imene imaonetsa poyera ngati dziko likuyendetsedwa bwino: zimene zimachitika mwana akachitiridwa nkhanza, kuyambira tsiku limene nkhaniyo yadziwika kufikira tsiku limene bwalo la milandu lipereka chigamulo. Mu Uthenga Wabwino timamva kuti ophunzira atakangana za ukulu, Ambuye anaimika mwana pakati pao. Nafenso tikuimika mwana pakati pa atsogoleri athu ndi pakati pa ife eni.

2. Kukula kwa vutoli

Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu aliwonse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri aliwonse, anachitiridwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Kafukufuku wa za umoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anaonetsa kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse a zaka za pakati pa 20 ndi 24 anakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo Machinga inali pakati pa maboma amene atsikana ambiri amatenga pathupi akadali aang'ono. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, atsikana zikwizikwi analowa m'banja kapena kutenga pathupi. Ana amenewa ndi athu. Ena amaimba m'makwaya athu, ena amatumikira pa guwa, enanso amaphunzira m'sukulu zathu.

3. Malamulo tili nawo

Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, limene linabweretsa mabwalo apadera a milandu ya ana. Lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 adziwike kuti ndi mwana. Wogona ndi mwana angathe kulamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse. Wokakamiza mwana kulowa m'banja, kapena kumchititsa miyambo yoononga moyo wake, angathe kukhala kundende zaka 10.

Malamulo amenewa ndi abwino, komabe majisitireti sagamula mlandu potengera mphekesera za m'mudzi. Iye amayang'ana umboni umene waikidwa pamaso pake. Makolo athu ankati mlandu suola, ndipo ankanena zoona. Ife tikuonjezapo kuti umboni umaola: mabala amapola, mboni zimasamuka, mwana amaiwala masiku, ndipo mapepala amasowa. Mlandu wa mwana umapambana kapena kugwa tsiku la bwalo lisanafike.

4. Ntchito ya a sosholo

Pakati pa mwana wolakwiridwa ndi bwalo la milandu pamaima ofesala wa za chisamaliro cha anthu, amene ambirife timangomutchula kuti a sosholo. Ndi bwino kuti tonse tidziwe ntchito yake, pakuti ambiri timaganiza kuti ofesi imeneyi ndi yongolemba maina a olandira mtukula pakhomo.

Akalandira nkhani, choyamba amafufuza ngati mwanayo ali wotetezeka kumene akugona usiku umenewo. Ngati womzunzayo ali m'nyumba yomweyo, lamulo la mu 2010 limalola a sosholo, apolisi, amfumu ngakhale munthu wamba kumchotsa mwanayo ndi kumuika pamalo otetezeka. Koma mwanayo ayenera kuonekera kubwalo la milandu ya ana pasanathe maola 48. Chachiwiri, amaonetsetsa kuti mwanayo wapimidwa kuchipatala ndipo lipoti la dokotala lalembedwa. Chachitatu, amacheza ndi mwanayo pamalo achinsinsi, m'chinenero chimene iye amamasuka nacho, kaya Chiyao, Chilomwe kapena Chichewa, namlola kufotokoza m'mau akeake popanda kumuuzira chonena. Kenaka amayendera pakhomo, kusukulu ndi kwa achibale, nalemba lipoti lofotokoza mmene mwanayo akukhalira, amene angathe kumlera, ndi chimene chingamkomere. Potsiriza amamkonzekeretsa mwanayo kuti adziwe mmene bwalo limakhalira, amene adzamfunse mafunso, ndi kuti kunena "sindikukumbuka" si tchimo.

Tizindikirenso kuti nkhani imodzi imabala milandu iwiri. Wina ndi wozenga wolakwayo, umene amauyendetsa ndi apolisi pamodzi ndi oimira boma pa milandu. Wina ndi woona za chisamaliro cha mwanayo: akakhala kuti, adzamlera ndani, abwerera bwanji kusukulu. Wolakwa angathe kumangidwa mwana nkutsala wopanda pogona. Lipoti la a sosholo ndilo limathandiza bwalo kuti lisaiwale mlandu wachiwiriwu.

5. Pamene milandu imafera

Poyamba pali kuchedwa. Mankhwala oteteza mwana wogwiriridwa kuti asatenge kachirombo ka HIV amathandiza akayambidwa pasanathe maola 72. Banja likayamba ladikira amalume a mwanayo kuti abwere kuchokera kunyanja ya Chilwa, masiku atatu amatha, thanzi la mwana lili pachiswe, umboninso ukufufutika.

Pali vuto la zaka. Pa mlandu wogona ndi mwana, boma liyenera kutsimikizira bwalo kuti wolakwiridwayo ndi mwanadi. Ngakhale lamulo la kalembera linayamba kugwira ntchito mu 2015, ana ambiri akumidzi alibe chiphaso chobadwira. Pamenepo kabuku ka kusikelo, kaundula wa kusukulu ndi kaundula wa ubatizo zimasanduka chuma chamtengo wapatali.

Pali chizolowezi chothetsa nkhani pachibale. Wolakwa amapereka mbuzi, thumba la chimanga kapena lonjezo la ukwati, makolo nkupita kupolisi kukapempha kuti mlandu utsekedwe. Kawirikawiri izi zimachitika chifukwa wolakwayo ndiye amagula ufa pakhomopo. Umphawi umenewu timaumvetsa, koma mwana amene wagulitsidwa motere amakula akudziwa mtengo umene abale ake anamuikira.

Pali mtunda ndi kusowa kwa zipangizo. Mayi wochokera ku Nayuchi, ku Chikweo kapena ku Utale akayenda ulendo wautali, nkuuzidwa kuti mlandu waimitsidwa, kachitatu sabweranso, pakuti ndalama ya kabaza yatha ndipo kumunda kwamera tchire. Nawonso a sosholo ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa madera awo, ndipo sangayendere mwana ngati njinga yamoto ilibe mafuta. M'madera oyandikana ndi malire, tsiku lililonse lochedwa limapatsa woganiziridwa mpata woolokera ku Mozambique.

6. Pempho lathu kwa olamulira

Kuyambira pamene lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, takhala tikuuzidwa kuti mphamvu zapita kwa anthu. Ngati zili choncho, makhonsolo a Machinga ndi Balaka aonetse poyera ndalama zimene amapatula chaka chilichonse zoyendetsera milandu ya ana, ndipo ndalamazo zizifika m'nthawi yake. Tikupempha boma lilembe ntchito a sosholo okwanira, liwaphunzitse kalembedwe ka malipoti a kubwalo, liwapatsenso malo okhoma osungira mafayilo a ana. Tikupempha kuti mboni zosauka zizibwezeredwa ndalama zoyendera, kuti mabwalo azikakhalanso kufupi ndi anthu m'madera ngati Ntaja, Ulongwe ndi Phalula, ndi kuti milandu ya ana isamaimitsidwe popanda chifukwa chomveka. Mwana apereke umboni wake m'chipinda chopanda chigulu cha anthu, ndipo dzina lake lisaulutsidwe. Wapolisi, kalaliki kapena wachipatala wolandira chiphuphu kuti fayilo isowe, nayenso aimbidwe mlandu.

Aphungu ndi makhansala athu amakonda kutionetsa milatho ndi midadada ya sukulu. Tiziwafunsanso kuti: m'dera lanu milandu ya ana yalembedwa ingati, ndipo yafika pa chigamulo ndi ingati?

7. Pempho lathu kwa mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo

Mafumu athu, inu ndinu oyamba kumva nkhani zimenezi. Mlandu wogwiririra mwana si wa pabwalo lanu. Udindo wanu ndi kuutumiza kupolisi tsiku lomwelo ndi kuteteza banja limene laulula. Mfumu yaikulu Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana ochuluka ndi kubwezera anawo kusukulu, ndipo potero inaonetsa kuti mwambo ndi lamulo zingathe kuyendera limodzi. Anankungwi ndi angaliba nawonso aonetsetse kuti kuchinamwali ana sakuphunzitsidwa zowaika m'mavuto.

Kwa abale athu Asilamu, amene timakhala nawo m'midzi imodzi ndi kukwatirana nawo, ndi kwa mipingo inzathu, tikuti tigwirane manja. Shehe, m'busa kapena wansembe asadalitse ukwati asanaone umboni wa zaka za onse awiri. Ndipo wolakwira mwana akakhala mtsogoleri wa mpingo, mphunzitsi kapena wansembe, njira ndi yomweyo. Mu 2019 Papa Francis analamula kuti ansembe ndi a m'zipani za mpingo aziulula nkhani zotere kwa akuluakulu a Eklezia. Kuulula kumpingo sikulowa m'malo mwa kukanena kupolisi.

8. Zimene ife Akhristu tingachite

Lamulo la mu 2010 limapereka kwa munthu aliyense udindo wodziwitsa amfumu, apolisi kapena a sosholo akaona kuti mwana akuzunzidwa, ndipo kukhala chete ndi mlandu. Choncho mwana akakuululirani, mumvereni modekha, musamkalipire, musamfunse mobwerezabwereza. Lembani tsiku, nthawi ndi mau ake monga wanenera. Ngati wagwiriridwa, musamsambitse kapena kuchapa zovala zake. Thamangirani naye kuchipatala ndi ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Mungathenso kuimba nambala yaulere ya 116. Nkhaniyo isakambidwe pa mjigo kapena kutumizidwa pa WhatsApp, pakuti kutero kumavulaza mwanayo kachiwiri.

Tikupempha Abambo Mfumu ndi akatekisiti kuti kaundula wa ubatizo azilembedwa mosamala, tsiku lobadwa likhale lenileni, ndipo bwalo likafuna umboniwo uperekedwe msanga. Makolo, kalembetseni ana anu kuti alandire chiphaso chobadwira, ndipo sungani kabuku ka kusikelo ngakhale mwana atakula. Mphakati uliwonse usankhe anthu awiri okhwima maganizo, mayi ndi bambo, operekeza banja kuchipatala, kupolisi ndi kubwalo kufikira mlandu utatha. Pa chopereka chathu cha zachifundo tipatuleko yoyendera mboni ndi yodyetsa banja limene lataya womgulira ufa chifukwa chonena zoona. Amene mwaitanidwa kukachitira umboni, pitani, ndipo mukanene zokhazo zimene munaona ndi kumva, pakuti woimbidwa mlandu nayenso ayenera kuweruzidwa mwachilungamo.

Ena adzafunsa kuti nanga kukhululuka kuli kuti? Kukhululuka nkwa mumtima, ndipo sitingakukakamize pa mwana wovulala. Sikufafaniza mlandu, ndiponso wolapa moona sathawa bwalo.

9. Mau otsiriza

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikuthokoza a sosholo, ogwira ntchito yoteteza ana m'midzi, apolisi, anamwino, aphunzitsi ndi oweruza amene amagwira ntchitoyi mokhulupirika ngakhale zipangizo zili zochepa. Tikupempha kuti kalata ino iwerengedwe m'matchalitchi onse ndi kukambidwa m'miphakati, ndipo parishi iliyonse idziwe dzina ndi ofesi ya a sosholo a m'dera lake tsoka lisanagwe.

Amayi Maria ndi Yosefe Woyera, amene anatchinjiriza Mwana Yesu pamene moyo wake unali pangozi, atipempherere. Mulungu adalitse ana athu, adalitsenso dziko lathu la Malawi.

Ndife anu mwa Khristu,
Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere