ZA MOYO WATHU: Pa Maliro Tikhale Pansi



Sabata yatha ndinali pa maliro m'mudzi wina pafupi ndi Sharpevale. Anatisiya mwana wa zaka 4, atadwala malungo masiku atatu okha. Mayi wake anangokhala duu pasiwa, ngakhale misozi osatuluka. Koma panja, pamoto wa amuna, ndinamva manong'onong'o akuti, "Imfa iyi njokayikitsa." Ena anali kuponya maso kukanyumba ka agogo ena amasiye kumapeto kwa mudzi.

Ndinachita mantha, pakuti ndinakumbukira za ku Neno. Mu January 2016 mphenzi inapha mtsikana kumeneko, ndipo anthu anapha nkhalamba zinayi pozinenera ufiti. Maliro amodzi anasanduka asanu. Kodi pamenepo anatonthozedwa ndani?

Zoipa zilipodi pa dziko lino, sindikana ayi. Koma taonani nkhani ya Yobu. Ana ake onse 10 anafa tsiku limodzi. Anzake atatu anadza nakhala naye pansi masiku 7, osanena kanthu. Apo anachita bwino. Analakwa atatsekula pakamwa ndi kuyamba kufufuza kuti wachimwa ndani, ndipo potsiriza Mulungu anawadzudzula. Ambuye Yesu nawonso atafika ku Betaniya, Lazaro atagona m'manda masiku 4, sanafunse za womlodza. Anagwetsa misozi pamodzi ndi olira, kenaka anamuukitsa. Mulungu wathu akuchidziwa chisoni cha kholo, pakuti Mwana wake yemwe anaphedwa wosalakwa, ndipo manda sanamsunge. Mwana wa mayi ujanso sadzamsunga.

Inu mafumu, kumbutsani anthu anu kuti lamulo la Boma la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wochita zotere angathe kumangidwa. Inu makolo, mwana akatentha thupi thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Usiku womwewo amfumu anadzudzula onong'ona aja. M'mawa ndinalowa m'nyumba, ndinapeza agogo aja ndiwo amfungatira mayi wofedwa, ndipo tsopano misozi inali kutuluka.

Mvula ili pafupi, koma munda wa mayiyo ulibe mizere. A mpingo tapangana kukaulima Loweruka lino. Bwerani ndi makasu anu. Agogo aja ati adzaphika thobwa.