Tibzaleko duwa lopirira chisanu pakhomo

Juni ndi Julayi akafika timadandaula ndi kuzizira kwa ku Tsangano, koma kuzizira komweko n'kumene kumatipatsa tirigu, mbatata ya kachewere, kabichi ndi mapichesi zimene ogula amazilondola kuchokera mumzinda wa Tete, ena kuchokera tsidya lija la Ntcheu. Chimene chimandiwawa n'chakuti makomo ambiri, kuyambira ku Ntengo-wa-Mbalame mpaka ku Furancungo m'boma la Macanga, ndi osesedwa bwino koma opanda duwa ndi limodzi lomwe. Ukafunsa amakuyankha kuti maluwa sadyedwa.

Zoonadi sadyedwa. Koma maungu, nyemba ndi mapichesi amabereka bwino njuchi zikamayendera maluwa ake, ndipo njuchi sizikhala pamalo pamene chakudya chimapezeka mwezi umodzi wokha pachaka. N'chifukwa chake lero ndikukamba za Veronica, duwa lokonda nyengo yozizira ngati yathuyi. Mtundu wa Veronica spicata kwawo ndi ku Ulaya ndi ku Asia. Umatalika masentimita 30 mpaka 60, n'kutulutsa ngala zoima njo za timaluwa tabuluu, ndipo njuchi ndi agulugufe sizichokapo. Uli ndi mbale wake kuno ku Africa, Veronica abyssinica, woyanga pansi, amene amamera yekha m'mapiri a Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe mpaka ku Ethiopia.

Ubwino waukulu wa Veronica spicata ndi woti mukabzala kamodzi, mwabzala kwa zaka. Chisanu chikapsereza masamba musazule, mizu ili moyo. Ingodulani zoumazo n'kuphimbira tsinde ndi udzu, lidzaphukanso.

Pamene ambiri angalakwitse ndi pamadzi. Ife tinazolowera kuti chilichonse chosamalidwa chipite kudimba la kudambo, koma duwali likakhala m'madzi odikha mizu imaola. Lipatseni malo a dzuwa, osachepera maola 6 patsiku, pa dothi losasunga madzi. Ngati panu m'pamakande, kwezani bedi ndipo sakanizani manyowa owolerana bwino. Feteleza wochuluka silifuna, amangolitalikitsa kenaka n'kugwa. Pakati pa phando ndi phando siyani masentimita 30 mpaka 45 kuti mphepo izidutsa, chifukwa likathithikana masamba amachita zoyera ngati athiridwa phulusa. Pothirira, madzi apite patsinde osati pamasamba. Ngala ikafota iduleni msanga, pansi pake patuluka zina.

Pakatha zaka 3 kapena 4, pakati pa phata pamayamba kufooka. Mvula yoyamba ikagwa likumbeni lonse, mulidule zigawo zokhala ndi mizu, monga timachitira ndi udzu wa vetiva, n'kubzalanso. Apa m'pamene ndimalikondera kwambiri duwali: phata limodzi likhoza kukwanira makomo angapo popanda kutulutsa ndalama, ndipo amayi amene amagawana kale mbewu ya nyemba ndi mbatata sangavutike kugawananso ili.

Kwa abale anga olima fodya ku Macanga ndili ndi pempho lapadera. Duwali mulibzale kutali ndi nazale komanso munda umene mumapoperamo mankhwala, chifukwa mankhwala ophera tizilombo sasankha, amapha ndi njuchi zomwe. Ngati n'kofunika kupopera, poperani madzulo njuchi zitabwerera kumng'oma, ndipo madzi otsukira mpope musawatayire pafupi ndi maluwa kapena mtsinje.