Mayeso a chiphaso cha mafizo akutsegula njira yakunja pomwe ovulala m'migodi ya Bindura akudikira

BINDURA, Zimbabwe – Munthu akaphwanyidwa ndi mwala mu mgodi, ntchito ya dokotala wa opaleshoni imatha m'maola ochepa, koma ntchito yomuphunzitsanso kukhala tsonga, kuimirira ndi kuyenda imatenga miyezi. Ntchito yachiwiriyi ndi ya akatswiri a physiotherapy, omwe ku Malawi ambiri amawatchula kuti madokotala a mafizo. Mayiko a kummwera kwa Africa amaphunzitsa akatswiriwa ochepa kwambiri, ndipo mwa ochepawo ena amayamba kukonzekera mayeso a chiphaso cha mayiko akunja asanathe n'komwe zaka zingapo pantchito.

Vutoli likuoneka bwino m'tauni ya Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakummawa kwa mzinda wa Harare. Tauniyi inakula ndi migodi, makamaka wa nickel wa Trojan ndi wa golide wa Freda Rebecca. Ambiri mwa okhala m'makomboni a m'derali ndi ana ndi zidzukulu za anthu omwe anachokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia kudzafuna ntchito m'nthawi ya atsamunda. Pa sitalaka ya pa mgodi wa Shamva, kufupi ndi Bindura, m'chaka cha 1927, ambiri mwa omwe ananyanyala ntchito anali ochokera ku Nyasaland. Mpaka lero Chichewa chimamveka m'makomboniwa ndipo Gule Wamkulu amavinidwa.

Ntchito za m'migodi ikuluikulu zakhala zikucheperachepera. Mgodi wa Trojan unaimitsidwa m'chaka cha 2008 mitengo ya nickel itagwa, n'kudzatsegulidwanso m'chaka cha 2012. Mu 2024 boma linaika kampani ya Bindura Nickel Corporation, yomwe ndi mwini mgodiwu, m'manja mwa woyang'anira wapadera kampaniyo itakanika kuyenda yokha. Nthawi iliyonse ntchito zikatha pa mgodi waukulu, anthu ambiri amalowa m'maenje a golide okumba okha, ndipo okumba oterewa m'Chishona amatchedwa makorokoza. M'maenje amenewa simukhala mizati yokwanira, zipewa zodzitetezera kapena makina otulutsa fumbi. Mu November 2020 mgodi wakale wa Ran, m'tauni ya Bindura momwemo, unagumuka n'kutsekera pansi anthu makumi angapo omwe ankakumba golide, ndipo ochepa okha ndiwo anatulutsidwa amoyo.

Nkhani za ngozi zoterezi zimawerengera omwalira, koma opulumuka ndi omwe amafunika thandizo la nthawi yaitali. Munthu wothyoka msana akangogonekedwa osatembenuzidwa amachita zilonda za pamsana ndi m'matako, zomwe zikhoza kumupha patapita miyezi. Mwendo womwe wachotsedwa pulasitala umauma m'mfundo ngati suphunzitsidwa kupindika. Wodulidwa mwendo amafunika kukonzedwa chitsa chake kuti adzathe kuvala mwendo wopanga. Palinso omwe mapapo awo anaonongeka ndi fumbi la miyala, matenda a silicosis, omwe nthawi zambiri amabwera limodzi ndi chifuwa chachikulu. Pa zonsezi, masabata oyambirira ndi omwe amagamula ngati munthu adzabwerere kuntchito kapena akhale wodalira abale moyo wake wonse.

Wogwira ntchito pa mgodi wolembetsedwa ali ndi podalira. Olemba ntchito amapereka ndalama ku thumba la chipukuta misozi la bungwe la National Social Security Authority, lomwenso lili ndi malo othandizirapo ovulala pantchito mumzinda wa Bulawayo, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Bindura. Wokumba yekha alibe bwana womulipirira. Iye amadalira chipatala cha boma cha chigawo ku Bindura kapena zipatala za m'maboma, komwe ogwira ntchito ya mafizo amasamaliranso odwala sitiroko, ana opuwala ziwalo ndi ovulala pa ngozi za pamsewu.

Dziko la Zimbabwe silinayambe mochedwa pa nkhaniyi. Litangolandira ufulu mu 1980 linayamba kuphunzitsa othandizira ntchito ya mafizo n'kuwatumiza m'zipatala za m'maboma, ndipo sukulu yawo ili ku Marondera. Yunivesite ya Zimbabwe inayamba kupereka digiri ya physiotherapy kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Aliyense wofuna kugwira ntchitoyi ayenera kulembetsa ku bungwe la Medical Rehabilitation Practitioners Council of Zimbabwe ndi kukhala ndi chiphaso chogwirira ntchito. Ku Malawi digiri yotereyi inayamba mu 2010 pa College of Medicine ku Blantyre, yomwe tsopano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences.

Koma chiphaso cha kwawo chimabwera ndi malipiro omwe mphamvu yake imatha ndi kugwa kwa ndalama, choncho maso a achinyamata ambiri ali pa chiphaso chachiwiri. Njira yake si yapafupi. Ku United States aliyense ayenera kukhoza mayeso a National Physical Therapy Examination, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la Federation of State Boards of Physical Therapy. Mayesowa amalembedwa pa kompyuta kanayi pachaka, amatenga maola asanu, ndipo wolemba ayenera kupeza mapointi 600 pa 800 kuti akhoze. Munthu saloledwa kuyesa koposa kasanu ndi kamodzi pa moyo wake wonse.

Wophunzira kunja kwa dzikolo amayamba watumiza mapepala ake ku mabungwe ounika maphunziro, monga Foreign Credentialing Commission on Physical Therapy. Popeza ku America ntchitoyi amailowa ndi digiri ya udokotala, digiri yoyamba ya ku Africa kuno kawirikawiri imapezeka yoperewera maphunziro ena, omwe munthu ayenera kukwaniritsa ndi ndalama zake. Pamwamba pa apo pali mayeso a Chingerezi, chitupa choyendera ndi tikiti ya ndege. Ku Britain njira ndi yosiyana: bungwe la Health and Care Professions Council limaunika maphunziro ndi luso la wopempha lisanamulembe m'kaundula.

Kukonzekera kotereku kumasinthanso zomwe katswiri amawerenga usiku akaweruka. Mafunso a mayeso a ku America amakonzedwa molingana ndi malamulo, zipangizo ndi kagwiridwe ka ntchito ka m'zipatala za kumeneko. Safunsa momwe munthu angaphunzitsire mkazi wa wovulala kutembenuza mwamuna wake pa mphasa, kapena momwe njinga ya olumala ingayendere m'njira ya miyala ya mu komboni. Banja lomwe lagulitsa katundu kuti lilipire mayesowa limayembekezera kubwezeredwa ndi malipiro akunja, kotero wokhoza sakhalanso ndi chifukwa chotsalira.

Kukula kwa vutoli kukuoneka m'ziwerengero za unduna wonse. Kumapeto kwa 2022 bungwe la Health Service Board linati ogwira ntchito zaumoyo oposa 4,000 anali atasiya ntchito m'boma kuyambira 2021. Mu 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika Zimbabwe ndi Zambia pa mndandanda wa mayiko 55 omwe ali ndi vuto lalikulu la kuchepa kwa ogwira ntchito zaumoyo, momwe Malawi ndi Mozambique analimo kale. Mndandandawu umalangiza kuti makampani asamakakope antchito m'mayikowa, koma suletsa munthu kufunsira yekha ntchito kunja.

Boma la Zimbabwe linayankha ndi ukali. Mu January 2023 linakhazikitsa lamulo loletsa ogwira ntchito zaumoyo kunyanyala ntchito koposa maola 72, ndipo mu April chaka chomwecho wachiwiri kwa pulezidenti Constantino Chiwenga, yemwe panthawiyo analinso nduna ya zaumoyo, ananena kuti boma likufuna kuti kukopa antchitowa kupita kunja kukhale mlandu. Madandaulo a boma ali ndi maziko, chifukwa misonkho ya anthu osauka ndi yomwe imaphunzitsa akatswiri omwe amakapindulira mayiko olemera. Komabe chiletso sichikweza malipiro, sichigula ndodo zoyendera, ndiponso sichitsegula malo a ntchito pa chipatala cha boma.

Mu May 2023 msonkhano waukulu wa WHO unavomereza koyamba chigamulo chopempha mayiko kuti thandizo lobwezeretsa mphamvu m'thupi likhale gawo la chisamaliro cha zaumoyo cha tsiku ndi tsiku. Bungweli limati anthu pafupifupi 2.4 biliyoni padziko lonse ali ndi mavuto omwe thandizoli lingachepetse. Kwa dera ngati Bindura, chigamulochi chingatanthauze zinthu zitatu zogwirika: malo a ntchito ya mafizo olipidwa bwino m'zipatala za m'maboma, gawo la ndalama za golide loperekedwa ku chisamaliro cha ovulala, ndi njira yoti okumba okha alowe nawo m'thumba la chipukuta misozi. Mapangano a pakati pa maboma, omwe malamulo a WHO a 2010 amalimbikitsa, angathandizenso kuti dziko lolandira katswiri lithandize kuphunzitsa womulowa m'malo.

Makolo a anthu ambiri a ku Bindura anasiya midzi yawo ku Dedza, ku Tete ndi ku Chipata chifukwa ntchito ya malipiro inali kutali, ndipo zikanakhala zovuta kuwaletsa. Zifukwa zomwe zikukankha akatswiri a mafizo lero n'zofanana. Ngati malipiro ndi zipangizo sizisintha, mayeso a chiphaso apitiriza kusankha akatswiri abwino koposa n'kuwatumiza kunja, ndipo wovulala mu mgodi apitiriza kutulutsidwa m'chipatala kuti akasamalidwe ndi abale omwe sanaphunzitsidwe ntchitoyo.