Mzukwa wa m'Seŵero

Pamene ndinali mwana, panalibe cinthu cimene ndinacikonda kupambana nthano za mizukwa. Usiku, titatha kudya nsima, tinkasonkhana m'nyumba ya ambuya, moto ulikuzirala. Nthano za Kalulu tinkazimvera mwaulemu cabe. Imene tinkaidikira ndiyo ya munthu uja woyenda yekha pafupi ndi manda, amene anamva mapazi akumtsata m'mbuyo. Iye akaima, mapaziwo naonso aima. Ambuya sanatiuze konse maonekedwe a cinthuco. Anatsitsa mau, nakhala cete kanthaŵi, ndipo yense wa ife anadzipangira mzukwa wace mumtima. Usiku umenewo panalibe wolimba mtima woti nkutuluka yekha pabwalo, koma m'maŵa mwace tinawapempha nthano yomweyo.

Alipo akulu ena amene anena kuti nkhani zotere siziyenera kuloŵa m'sukulu, pakuti ziphunzitsa ana kuopa mdima. Ine sindibvomerezana nao. Mwana amene wacita mantha ali pakati pa anzace, kenaka nyali nkuyaka, onse nkuseka, waphunzira kuti mantha amatha. Dandaulo langa ndi lina: maseŵero athu a mizukwa saopsa.

Caka cina ana a kalasi langa anakonza seŵero lotere la tsiku lotsekera sukulu. Mnyamata wokhala mzukwa tinampaka phulusa, tinamfunditsa nsaru yoyera, ndipo analoŵa ndi mfuu dzuŵa liri pamutu. Mai wina anazindikira mapazi a mwana wace, namchula dzina mokweza. Khamu lonse linafa naco ciseko. Wolakwa ndinali ine, cifukwa ndinaiŵala nzeru ya ambuya.

Nzeru yomweyo aidziŵanso kutali. Ku England kuli seŵero lochedwa The Woman in Black, ndiko kunena mkazi wobvala zakuda. Nkhani yace inalembedwa ndi Susan Hill m'buku la caka ca 1983, ndipo m'caka ca 1987 Stephen Mallatratt anaisandutsa seŵero m'mzinda wa Scarborough. Ndalama zinali zocepa, cotero iye anakonza kuti amuna aŵiri okha alankhule mbali zonse. Dengu limodzi lalikuru likhala tebulo, kenaka bedi, kenakanso ngolo yokokedwa ndi kavalo. Galu wa m'nkhaniyo palibe. Amunawo angomuitana ndi kumsisita, ndipo oonerera amuona m'maganizo mwao. Nanga mzukwawo? Uima kumdima kamphindi, osalankhula, nkusoŵa. Citseko cokhoma citseguka cokha. Mpando ugwedezeka m'cipinda mopanda munthu. Ndi zinthu zocepa zomwezi seŵerolo linaonetsedwa mu London kuyambira 1989 kufikira 2023, ndipo ngakhale anthu aimvi ankafuula ndi mantha.

Tsono inu amene mulikukonza seŵero lanu, musabvutike kufuna utoto ndi zobvala zoopsa. Pemphani aphunzitsi kuti mulicite madzulo, ndi nyali imodzi yokha. Mmodzi wa inu abisale kuseri kwa khoma, aziponda masamba ouma potsata mapazi a mnzace. Wolankhula asathamange; kukhala cete nkobvuta kwa mwana wa sukulu, ndidziŵa, koma aŵerenge mumtima kufikira khumi asanachule mau otsatira. Mzukwa uoneke kamodzi, ndipo ngati nkotheka uonetse msana wokha.

Cinthu cimodzi ndikuletsani. Mzukwa wanu kapena mfiti yanu isayende monga ayendera nkhalamba ina ya m'mudzi mwanu, kapena kutsokomola monga iyo. Lamulo la dziko lathu liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo anthu sacedwa kuzindikira amene mulikumtsanzira. Inu mudzasamba phulusa usiku womwewo, koma nkhalambayo idzapita kucitsime m'maŵa, pamaso pa anthu onse amene anaonerera.